Masiku Asanu ndi Limodzi Potsatira Mapazi a Heinrich Lammasch

Lolemba, 23 Okutobala, ku Vienna

Msonkhano umene unandibweretsa kuno unatha Lachisanu lapitali, ndipo anzanga onse anakwera ndege kubwerera kwawo, koma ine ndinapempha tchuthi cha sabata imodzi kuti ndichite chinthu chimene ndakhala ndikuchilakalaka kwa zaka zambiri. Ndimaphunzitsa malamulo a pakati pa mayiko, ndipo chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa kuthetsa mikangano kudzera mwa amkhalapakati, ndimatchula dzina la Heinrich Lammasch, katswiri wa malamulo wa ku Austria, ophunzira n'kulilemba m'makope mwawo, kenaka tonse n'kupitirira ngati kuti tatchula dzina la mlandu osati la munthu. Chimene chinandichititsa kufuna kuwadziwa bwino bambowa ndi nkhani ya maliro awo, imene ndidzaifotokoza ndikafika ku Salzburg kumene anamwalirira.

M'mawa uno ndinayamba ndi Yunivesite ya Vienna, imene inakhazikitsidwa mu 1365. Nyumba yake yaikulu ili m'mbali mwa msewu wa Ringstrasse, ndipo inatsegulidwa mu 1884, choncho inali ikadali yatsopano pamene a Lammasch anabwerera kudzakhala pulofesa kuno mu 1889, atatha zaka 4 akuphunzitsa ku Innsbruck. M'kati mwake muli bwalo lozunguliridwa ndi makonde, ndipo m'makondemo mwandandalika ziboliboli za mitu ya aphunzitsi akale zoposa 100. Ophunzira anali atakhala pansi pa ziboliboli zimenezo atavala majasi, ena akudya buledi wa m'mapepala, ena akuwerenga pa makompyuta, masamba achikasu akuyoyoka pa udzu. Ndinakhala pa benchi yozizira kwa ola lathunthu ndikulingalira kuti munthu amene ndikumutsatirayu anadutsa m'makonde amenewa kwa zaka 25, mpaka pamene anapuma ntchito mu 1914.

Ntchito yawo inayambira pa malamulo a milandu ya upandu. Mu 1887 analemba buku lalikulu lonena za kubweza anthu othawa milandu ku mayiko kwawo ndi ufulu wa munthu wopeza kothawira, ndipo kenaka anathera zaka zambiri akukonza malamulo atsopano a upandu oti alowe m'malo mwa a mu 1852. Zimene anakonzazo sizinafike pokhala lamulo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inazidukiza, ndipo Austria inadikira mpaka 1975 kuti ikhale ndi malamulo atsopano a upandu. Koma mbiri yawo inamveka kutali chifukwa cha mzinda wa The Hague ku Netherlands, kumene anapita ndi nthumwi za dziko lawo ku misonkhano iwiri ya mtendere, wa mu 1899 ndi wa mu 1907, ndipo anakhala mmodzi wa oweruza a khoti la amkhalapakati limene msonkhano woyamba uja unakhazikitsa.

Mlandu umene mabuku amautchula kwambiri ndi wa mu 1910, pamene a Lammasch anatsogolera oweruza 5 pa mkangano wa pakati pa Britain ndi United States wokhudza ufulu wa asodzi m'magombe a Newfoundland, mkangano umene unachokera pa pangano la mu 1818 ndipo unali utatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100. Ine mtima wanga uli pa mlandu wina waung'ono wa mu 1905. Dziko la France linkapereka mbendera yake kwa eni zombo za matanga a ku Muscat, ku Oman, ndipo chombo chokhala ndi mbendera ya France sichinkasechedwa ndi asilikali a pamadzi a Britain, kotero kuti mbenderayo inasanduka chobisalira cha anthu ogulitsa akapolo ochokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Munthu wodziwa njira imene makolo athu ankadutsa, kuchokera ku Nkhotakota kuoloka nyanja mpaka kukafika ku Kilwa, sangawerenge mlandu umenewu ngati nkhani ya anthu ena. Oweruza, motsogozedwa ndi a Lammasch, anagamula kuti kuyambira mu Januwale 1892, pamene France inavomereza pangano la ku Brussels lothana ndi malonda a akapolo, inalibenso ufulu wogawa mbendera yake mwachisawawa kwa anthu a Sultan wa ku Muscat. Chigamulocho sichinathetse nkhanza zonse, ndipo akapolowo analibe wowayankhulira m'bwalomo, komabe chinatseka khomo limodzi popanda kuombedwa mfuti.

Lachiwiri, 24 Okutobala, ku Vienna

Nyumba ya Malamulo ili pamtunda woyenda mphindi zochepa kuchokera pa yunivesite, ndipo a Lammasch ayenera kuti ankauyenda wapansi mtunda umenewu. Inamangidwa ndi Theophil Hansen mofanana ndi akachisi a Agiriki, yokhala ndi nsanamira zazitali, ndipo kutsogolo kwake kuli kasupe ndi chiboliboli cha Pallas Athene chovala chisoti chagolide. Ndinalowa pamodzi ndi gulu la alendo, ndipo mtsikana wotitsogolera anatisonyeza zipinda ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi cha aphungu osankhidwa a nthawi ya ufumu, chimene chinapulumuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo mipando yake yathabwa ikadali momwemo, mmene munkakhala Ajeremani, Acheki, Apolishi, Ataliyana ndi a mitundu ina, aliyense ndi chiyankhulo chake. Chachiwiri ndi chimene ndinadzera. Chinali cha nyumba yotchedwa Herrenhaus, imene anthu ake sankasankhidwa ndi mavoti: ena ankalowamo chifukwa cha banja limene anabadwira, ena chifukwa cha ubishopu, ndipo ena mfumu inkawaika kwa moyo wawo wonse, monga mmene inachitira ndi a Lammasch mu 1899. Chipindachi chinaphulitsidwa ndi mabomba mu 1945, ndipo chimene chinamangidwa pamalo pake ndicho chimene aphungu a Austria amakumaniramo lero.

Nyumba ya malamuloyi inali yotseka kuyambira mu Malichi 1914 mpaka mu Meyi 1917, kotero kuti nkhondo inayamba ndi kutha zaka pafupifupi zitatu popanda phungu aliyense kuyankhulapo m'bwalo. Itatsegulidwa, a Lammasch anaimirira katatu, kawiri mu 1917 ndipo kachitatu kumapeto kwa Febuluwale 1918, kupempha kuti nkhondo ithe mwa kumvana, mbali iliyonse itasiyako zina mwa zofuna zake. Ulendo wachitatuwu ndiwo unali wovuta koposa, chifukwa Russia inali itagwa kale, pangano la ku Brest-Litovsk lotulutsa Russia m'nkhondoyo linali pafupi kusainidwa, ndipo Germany inkakonzekera kuthira nkhondo yaikulu kumadzulo, motero akuluakulu ambiri m'chipindamo ankaona ngati chipambano chili pakhomo. A Lammasch anawachenjeza kuti mtendere wobwera mwa kugonjetsa ndi kuchititsa manyazi mdani sukhala mtendere weniweni, koma kupumira chabe poyembekezera nkhondo ina yoopsa kuposa yoyambayo. Anawakuwiza, ndipo nyuzipepala zina zinawanyoza ngati munthu wogulitsa dziko.

Ndinaima kumbuyo kwa gulu lathu ndikuyang'ana pamalo oyankhulira, ndipo chimene ndinkachiganizira n'chakuti bambowa sanali munthu wokonda phokoso. Anali Mkatolika wosamala miyambo, wokhulupirika kwa mfumu, wa zaka 64, amene anali mlangizi wa Franz Ferdinand, woyembekezera kulowa ufumu wa Austria, pa nkhani za malamulo. Owakuwizawo anali anthu a msinkhu wawo ndi a gulu lawo, amene ankadya nawo pa tebulo limodzi. Kutsutsana ndi mdani n'kosavuta poyerekeza ndi kuimirira pakati pa anzako n'kuwauza kuti asokera.

Madzulo ndinakamwa khofi pafupi ndi msewu wa Graben, ndipo pa kapu panali dzina la Julius Meinl. Dzinali lili m'nkhani yathu, chifukwa mwini wa kampaniyo panthawi ya nkhondo, Julius Meinl wachiwiri, ndiye ankasonkhanitsa kagulu ka anthu ofuna mtendere, m'mene munali a Lammasch ndi pulofesa mnzawo Josef Redlich. Wamalonda wogula khofi kunja ankadziwa bwino kuposa akazembe a nkhondo kuti nkhokwe za dziko zatsala ndi chakudya chochuluka motani. Kumayambiriro kwa Febuluwale 1918 a Lammasch anapita ku Switzerland, Mfumu Karl ya Austria ikudziwa, kukakumana mwachinsinsi pafupi ndi Bern ndi George Herron, Mmereka amene ankatumiza malipoti ku boma la Pulezidenti Woodrow Wilson. Anakambirana zoti ufumuwo usinthidwe kuti mtundu uliwonse uzidzilamulira m'chigawo chake, koma mfumu inazengereza, nduna yake yoona za kunja, Ottokar Czernin, sinafune kupatukana ndi Germany, ndipo mwayiwo unadutsa.

Lachitatu, 25 Okutobala, ku Schönbrunn

Lero kunagwa mvula yowaza kuyambira m'mawa, koma alendo anali ochuluka pa nyumba yachifumu ya Schönbrunn, aliyense atagwira kachipangizo kofotokozera kukhutu. Tinayenda m'zipinda motsatizana mpaka tinafika m'chipinda chimene makoma ake anamatidwa mapepala a ku China okhala ndi zithunzi pa utoto wobiriwira ngati thambo. Ambiri anajambula m'maso n'kupitirira. Ine ndinapatuka pambali pa chingwe chotchinga kuti ndikhalitse, chifukwa m'chipinda chimenechi ndimo munachitikira zokambirana zomaliza za ufumu wa banja la Habsburg, umene unalamulira Austria kwa zaka zoposa 600.

Mfumu Karl inaika a Lammasch kukhala nduna yaikulu pa 27 Okutobala 1918, pamene inali itachedwa kale. Tsiku lotsatira Acheki analengeza dziko lawo ku Prague, pa 30 Okutobala aphungu oyankhula Chijeremani anakhazikitsa boma lawo mu Vienna momwemo motsogozedwa ndi Karl Renner, ndipo pa 3 Novembala asilikali anasaina pangano losiya kumenyana ndi Italy. Munthu amene anakuwizidwa mu Febuluwale ndiye anaitanidwa mu Okutobala, chifukwa dzina lake lokha ndilo linali likadali ndi ulemu kwa adani. Anavomera akudziwa kuti sakupita kukalamulira, koma kukatseka nyumba mwadongosolo: kupereka maofesi, ndalama, njanji ndi mafayilo kwa maboma atsopano popanda kukhetsa magazi m'misewu. M'nduna zawo munali Redlich woona za chuma, ndi wansembe Ignaz Seipel, amene anadzakhala mtsogoleri wa boma la Austria mu 1922.

Pa 11 Novembala a Lammasch, pamodzi ndi nduna ya za m'dziko Edmund von Gayer, anabweretsa kuno chikalata chimene mfumu inayenera kusaina. Luso la katswiri wa malamulo likuonekera m'mawu a chikalatacho, chifukwa sichinanene kuti mfumu yatula pansi ufumu, chinthu chimene Karl ndi mkazi wake Zita sakanachilola, koma chinati mfumu yasiya kutenga mbali iliyonse pa kayendetsedwe ka boma ndipo ikuvomereza chimene anthu adzasankhe. Karl anasaina, usiku womwewo banja lonse linasamukira ku Eckartsau, ndipo m'mawa mwake dziko linalengezedwa kukhala lipabuliki.

Sindikufuna kuwayeretsa kuposa mmene analili. A Lammasch ankafuna kupulumutsa ufumu umene mitundu yambiri inkauona ngati goli, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene Acheki ndi Asilavo a kumwera sanafunire kudikira malonjezo ena ochokera ku Vienna. Aliyense amene dziko lake linalamulidwapo kuchokera ku likulu lakutali amadziwa kulemera kwa mawu akuti dikirani pang'ono. Koma ndikaganizira mmene maufumu ena anathera, ndi kuphedwa kwa banja lonse lachifumu ku Russia miyezi inayi m'mbuyo mwake, ndimaona kuti milungu iwiri ya ulamuliro wawo inali ntchito yaikulu imene anthu sayiwerengera chifukwa choti zoipa zimene inaletsa sizinachitike.

Lachinayi, 26 Okutobala, ku Seitenstetten

Ndinanyamuka ku Vienna pa sitima yolowera kumadzulo, n'kusintha ku Amstetten, ndipo ndinatsikira pa siteshoni yaing'ono ya St. Peter-Seitenstetten. Dera lino limatchedwa Mostviertel chifukwa cha chakumwa chimene alimi amafulula kuchokera ku mapeyala a kuno ndi maapozi, ndipo mitengo yake yaima m'mizere m'mbali mwa minda, ina zipatso zake zitagwa n'kumaolera pa udzu. Pakati pa tauni pali nyumba yaikulu ya amonke a Benedikito, imene inakhazikitsidwa mu 1112. Kuno ndiko a Lammasch anabadwira pa 21 Meyi 1853, bambo awo ali wolemba ndi kutsimikizira zikalata za malamulo, koma banjali silinakhalitse ndipo mwanayo anakulira ndi kuphunzira ku Vienna.

Masitolo onse anali otseka ndipo pa nyumba zambiri panali mbendera zofiira ndi zoyera, chifukwa lero ndi tsiku la dziko la Austria. Tsikuli limakumbutsa 26 Okutobala 1955, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti Austria sidzalowerera mbali iliyonse pa nkhondo za mayiko ena ndipo sidzalowa m'migwirizano ya asilikali. Maganizo amenewa a Lammasch anawapereka zaka 36 m'mbuyo mwake. Mu 1919 anapita ku Saint-Germain, ku France, monga katswiri wothandiza nthumwi za Austria pa zokambirana za mtendere, ndipo analimbikira kunena kuti dziko laling'ono limene latsalalo likhale loima palokha ndi losalowerera mbali, monga Switzerland. Boma la nthawiyo ndi anthu ambiri ankafuna kuphatikizana ndi Germany, mawu awo sanaloledwe kumveka, ndipo anachokako zokambirana zisanathe. Kuphatikizanako kunadzachitika mu 1938 pansi pa Hitler, ndipo zotsatira zake zikudziwika.

Chinthu china chinandikhudza ndili m'munda wa maluwa wa amonkewo. Julius Raab, mtsogoleri wa boma amene anakambirana ndi Soviet Union mpaka Austria inalandira ufulu wake wonse mu 1955, anaphunzira pa sukulu ya sekondale ya amonke omwewa. Tauni yaing'ono imodzi inabala munthu amene anayamba kunena mawuwo, ndipo inalera munthu amene anawakwaniritsa. Kwathu timati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mwambiwu timaunena potonthoza amene atsala. Sutiuza kanthu za mkulu mwiniyo, amene nthawi zambiri amakhala atagona kale mawu akewo asanakome.

Lachisanu, 27 Okutobala, ku Salzburg

Ndinafika ku Salzburg masana, ndipo sindinapite kumene alendo ambiri amathamangira. Ndinakwera basi kupita ku Aigen, dera labata la kum'mwera chakum'mawa kwa mzindawu, m'munsi mwa phiri la Gaisberg. A Lammasch anasamukira ku Salzburg atapuma ntchito, ndipo anabwerera kuno atachoka ku Saint-Germain, thupi litafooka. Anamwalira pa 6 Januwale 1920 ali ndi zaka 66, patangotsala masiku 4 kuti bungwe la mayiko losungitsa mtendere la League of Nations liyambe kugwira ntchito, bungwe limene iwo analembapo maganizo awo a mmene liyenera kukhalira. Anaikidwa m'manda a ku Aigen.

Wolemba mabuku Stefan Zweig, amene ankakhala mu mzinda uno, anapita ku malirowo, ndipo analembera mnzake wa ku France, Romain Rolland, kuti pa manda panali anthu 5 okha. Chiwerengero chimenechi ndicho chinandibweretsa ku Austria. Munthu amene anaweruza pakati pa Britain ndi United States, amene anakhala nduna yaikulu ya dziko la anthu pafupifupi 30 miliyoni, anaperekezedwa ndi anthu osakwana n'komwe kunyamula bokosi mosinthana. Okonda ufumu ankawaona ngati munthu amene anautseka, ofuna Germany ankawaona ngati wotsekereza, ndipo a boma latsopano ankawaona ngati wa nthawi yakale.

Ine ndinakulira kumene maliro saitanira. Uthenga ukangomveka makasu amasiyidwa m'munda, amayi amatuta nkhuni ndi ufa kupita pa siwa, adzukulu amalawirira kumanda kusanache, ndipo ngakhale amene munakangana naye pa malire a munda amabwera kudzagona panja pamodzi ndi anzake. Ndikudziwa kuti inali nyengo yachisanu choopsa, ya njala ndi ya kusowa kwa malasha, ndipo sitima sizinkayenda bwino, choncho sindikuweruza munthu aliyense amene analephera kuchoka ku Vienna. Komabe ndinayenda pakati pa mizere ya manda a ku Aigen mtima uli wolemera, ndikuwerenga pa zala za dzanja limodzi anthu amene anaima pano tsiku limenelo. Lero ndi tsiku lomwe anaikidwa pa udindo wa nduna yaikulu, ndipo kuchokera pa tsikulo kufika pa maliro aja panangodutsa miyezi 14.

Loweruka, 28 Okutobala, ku Bad Ischl

Thupi la a Lammasch silili ku Aigen tsopano, chifukwa mu 1957 linasamutsidwa kukaikidwa m'manda a banja lawo ku Bad Ischl. Ndinakwera basi ya m'mawa imene imadutsa ku St. Gilgen m'mbali mwa nyanja ya Wolfgangsee, nkhungu itaphimba madzi ndipo nsonga za mapiri zokha zikuonekera pamwamba pake.

Ndisanapite kumanda ndinakwera kamtunda kupita ku Kaiservilla, nyumba imene Mfumu Franz Joseph inkakhalamo nyengo yotentha iliyonse. Makoma a m'makonde ake adzaza nyanga za nyama zimene mfumuyo inapha posaka, iliyonse yolembedwa tsiku lake. M'chipinda chogwiriramo ntchito muli desiki yosachititsa chidwi poiona, ndipo pa desiki imeneyo, kumapeto kwa Julayi 1914, mfumu ya zaka 83 inasaina uthenga wouza anthu ake kuti dziko lili pa nkhondo ndi Serbia. Serbia, poyankha zofuna za Vienna, inali itanena kuti ndi yokonzeka kupereka mfundo zotsalazo ku khoti la ku The Hague kapena kwa mayiko akuluakulu, ndipo khoti limenelo ndi lomwe mmodzi wa oweruza ake odziwika kwambiri anali nzika ya mfumu yomweyo. Ndinayang'ana desikiyo nthawi yaitali, mpaka wotitsogolera anandikodola kuti gulu lapita.

Manda a tauniyi ali kutsidya kwa mtsinje wa Traun. Popeza tsiku la Oyera Mtima Onse layandikira, mabanja ambiri anali m'katimo akupalira, akutsuka ziliza ndi kubzala maluwa atsopano. Ndinazungulira kwa kanthawi osapeza chimene ndinkafuna, kenaka ndinafikira mayi wina wachikulire amene anali atagwada akudzula udzu ndi kampeni, chitini chothirira chili pambali pake. Ndinawapatsa moni, ndinawapepesa powasokoneza, ndipo ndinawasonyeza dzina limene ndinalemba pa pepala. Anavala magalasi awo, anawerenga, anapukusa mutu posonyeza kuti munthuyo sakumudziwa, koma anadzuka, anapukuta manja pa epuloni, ndipo tinayenda limodzi mzere ndi mzere tikuwerenga mayina mpaka tinalipeza.

Anandifunsa m'Chingelezi chochepa ngati anali m'bale wanga, ndipo ndinawayankha kuti anali mphunzitsi, ndipo inenso ndine mphunzitsi wa phunziro lomwelo. Anagwedeza mutu, anabwerera ku manda a kwawo, ndipo patapita kanthawi anabweranso atanyamula kandulo ya m'kabotolo kofiira pamodzi ndi machesi. Mphepo yochokera kumtsinje inazimitsa machesi awiri oyamba, ndipo iwo anatchinga ndi manja awo onse awiri pamene ine ndinkayatsa kachitatu. Tinaima pamenepo awirife mpaka lawi linakhazikika, kenaka iwo anatola chitini chawo n'kupita kukatunga madzi pa mpopi.